Masitonkeni a Mmisiri wa Madenga

Mmisiri wofolera nyumba analowa m'sitolo ya zovala za amayi chipewa chili m'manja, ngati wabwera kudzazonda wodwala. Mwana wake wamkazi ankakayesedwa ntchito pa hotela mawa lake, ndipo anamutuma masitonkeni okhuthala oti abise chipsera cha pamwendo, pomwe anapsa ndi ekizozi ya njinga yamoto.

"Ndikufuna masitonkeni okhuthala kwambiri, mayi," anatero, maso ali kudenga kuti asaone zina zomwe zinapachikidwa m'mbalimo.

Wogulitsa, mayi wa magalasi amene ankayankha chokhacho chimene wafunsidwa, anayala mapaketi atatu patebulo.

"Awa ndi teni, awa fote, awa eyite."

"Ndipatseni teni."

"Teni ndi opyapyala, bambo. Nambalayi ndi ya ulusi. Ikamakwera, ulusi ukunenepa."

Mmisiri uja anaseka pang'ono, kuwamvera chisoni mayiwo.

"Mayi, ine ndakalambira padenga. Malata a twente-eyiti ndi chitsulo chenicheni, a sate-thu ndi pepala. Nambala ikamakwera, chinthu chikuonda. Dziko lonse limayenda choncho."

"Ife sitigulitsa malata."

"Ndikudziwa."

"Ali kuseri uku, mukadutsa ogulitsa penti."

"Aaa, sindikufuna malata ine. Ndikufuna teni."

"Wovalayo akufuna khungu lizioneka kapena lisamaoneke?"

Mmisiri anatsokomola. "Limenelo ndi funso lofunsa bambo wake wa mwana?"

"Bambo ake ndi ndani?"

"Ndine."

"Ndiye ndafunsa oyenera."

"Lisamaoneke. N'chifukwa chake ndikuti teni. Kodi amalimba?"

"Akapanda kung'ambika, amalimba."

"Nanga ang'ambika liti?"

"Sanena, bambo."

Mayi aja anatenga sitonkeni ya teni yoonetsera anthu, n'kumuuza kuti alowetse dzanja adzionere yekha. Mmisiri anapukuta dzanja pa buluku, nalowetsa mosamala ngati akupisa m'phanga la njoka. Kenako analikweza m'mwamba monyadira.

"Eya. Mukuona chiyani?"

"Dzanja lanu. Chikhadabo chimodzi n'chakuda. Pachikhatho mwalembapo nambala ya foni, ikuyamba ndi ziro, kenako…"

"Basi, basi. Ndi magetsi anuwa, akuwala mopitirira."

"Azimitsa kuyambira m'mawa."

Mmisiri anapita nayo sitonkeniyo pawindo kuti aionetsetse. Potambasula zala, chala chachikulu chokhakhala ngati sandipepa chinakola ulusi, ndipo kamzere kanatsetsereka, psuu, mpaka kuchigongono.

"Mwaona? Mwandipatsa yobooka."

"Inali yosabooka musanabwere."

"Mukunena kuti ndaboola ndine?"

"Sindinanene. Koma dzanja lili m'katimo ndi lanu."

Anavula sitonkeniyo pang'onopang'ono, n'kuipinda bwino kuti bowo likhale pansi. Mayi aja anangomupatsa ya eyite.

"Iyi ndikungoyesa kuti musadandaule," anatero mmisiri.

"Sindikudandaula."

Dzanja linalowa n'kusoweratu. Analitembenuza uku ndi uku, analitengera pawindo, anatambasula zala zonse. Kunali bii.

"Nambala ya foni ija mukuiona?"

"Ayi. Koma ndaisunga pamtima, mukaifuna."

Mmisiri anakumbukira kuti papita zaka ziwiri mwana wake asanavale siketi, ndi momwe ankakhalira pampando atabisa mwendo umodzi kuseri kwa unzake. Mawa akalowa muofesi ya pa hotela paja akuyenda ngati munthu wina aliyense. Koma kugonja pamaso pa munthu amene sanagwirepo hamala, zimenezo ayi.

"Ndaona pomwe pali vuto," anatero. "Kufakitale anasinthanitsa mapepala. Teni weniweni ndi ameneyu."

"Alembapo eyite."

"Wolembayo anali ndi tulo. Ndikulungireni teni ameneyu, awiri."

"Eyite awiri."

"Mukulunge zimene ndaloza, mayi, dzina tisalimbane nalo."

Mayi aja anayamba kukulunga. Atafika pakati anaima, n'kutsitsa magalasi mpaka pamphuno.

"Bambo, munati malata a twente-eyiti ndi olimba kuposa a sate-thu?"

"Kutalitali. Sate-thu ukaponda ndi phazi amalira ngati chitini."

"Iii." Anakhala pampando. "Sabata yatha wogulitsa kuseriku anandipatsa twente-eyiti. Ndinakangana naye mpaka anthu kudzadza, ndikumuuza kuti nambala ikamakwera chinthu chikunenepa, dziko lonse limayenda choncho."

"Ndiye?"

"Anandisinthira. Sate-thu, nyumba yonse. Amaliza kukhoma dzulo."

Mmisiri anavala chipewa chake mosafulumira, anaika phukusi m'khwapa, n'kuwayang'ana mayi aja ndi chifundo chenicheni.

"Musadandaule, mayi. Mvula ikayamba, mudzangoyala eyite wanuyu pamwamba pake."