Mlendo Simumupatsa Kadontho

Chaka chimene Malawi ankakwanitsa zaka makumi anayi ali pa ufulu, Amalawi a ku Edmonton anakonza masewera ku paki, ndipo a Paterson Chimwaza, amene kumudzi ankayendetsa chigayo pa Mponela koma kuno amasambitsa nkhalamba za Azungu, analanda udindo woyambitsa mipikisano kwa a Bonface ndi wezulo wawo polonjeza komiti kuti chaka chino kulira mfuti, ikapanda kulira wezulo abwerere. Ndiye m'mawa wa Loweruka limenelo kamfuti katsopano, kaja kongolira kopanda kuvulaza munthu, kanali gone patebulo la kukhitchini, pakati pa iwo ndi akazi awo a Effie, namwino amene sapereka ngakhale panado asanafunse mafunso.

"Mayi a Sekani, tathirani mafuta kamfutika. Ine ndikusita malaya."

"Angati?"

"Angati chiyani?"

"Mafutawo. Dozi yake."

"Pang'ono basi."

A Effie anapinda manja. "Pang'ono ndi mamililita angati?"

"Aaa, inu! Mukamathira mafuta m'ndiwo mumayeza?"

"Ndiwo sizikalira pagulu. Wa m'sitolo uja anati chiyani?"

"Anati kadontho kamodzi."

"Basitu. Kadontho kamodzi."

"Iyayi!" A Paterson anaimika simbi. "Mukumvera Mzungu? Anthu oti mlendo akafika amamufunsa ngati adya, iye akati ayi, iwo n'kutsekadi mphika? Kamfutika n'kalendo m'nyumba muno. Mlendo simumupatsa kadontho."

"Kwa inu ndi mlendo. Chilichonse chimene ndikuchipatsa mankhwala ine ndi peshenti. Akulemera bwanji?"

"Ndani?"

"Peshentiyu. Dozi imatsata sikelo."

A Effie anatsitsa sikelo yoyezera ufa wa keke, n'kugonekapo kamfuti kaja mwaulemu, n'kupukusa mutu.

"Khanda losakwana masiku limaposa apa. Ameneyu kuwodi sindingamupatse kanthu dokotala asanabwere."

"Dokotala ndi ineyo. Chigayo cha pa Mponela anachiyendetsa ndani? Chitsulo ndimachidziwa ine, mayi. Chikauma chimadandaula. Tamverani."

A Paterson anakoka kachala koliritsira kamfutiko. Kamfuti kanati kete.

"Mwamva?"

"Ndamva kete."

"Ludzu limenelo."

"Ine ndamva kete."

"Eya, kete wa ludzu! Wokhuta salira choncho."

"Chabwino, a dokotala. Adzera pati? Pakamwa, pamtsempha, kapena kumbuyo?"

"Paliponse pali bowo."

"Paliponse?"

"Paliponse."

"Ndisiye liti?"

"Kakakhuta kakana kokha."

A Effie anasamba m'manja mpaka m'zigongono, anavala magolovesi otsukira mbale, n'kutenga sirinji yomwetsera ana mankhwala a chifuwa. A Paterson anabwerera kumalaya awo oyera, akuimba nyimbo ya fuko chapansipansi. Patapita kanthawi a Effie anakweza mutu.

"Kachitini ka mafuta katha."

"Katha? Konse?"

"Mwati kakana kokha. Ndakafunsa, kali chete."

"Ndiye kuti sikanakhute. Mlendo akangoti zii mbale ili mbee, amakhala akudikira ina. Tengani a makina osokera aja."

"Amenewo ndi mankhwala ena. Sitisakaniza popanda kudziwa ngati amayanjana nawo."

"Mafuta ndi mafuta!"

"Ndiye palafini ndi mafuta. Ndikazingire mazira anu?"

"Mayi a Sekani, nthawi ikupita. A Bonface pano akupukuta wezulo wawo. Thirani."

Anathira. Kenaka anabwerera m'mbuyo pang'ono.

"Eee, kayamba kubweza."

"Pati?"

"Pakabowo ka pamwambapa. Akutuluka. Kumeneku ndiye kukana."

A Paterson anasuzumira, simbi ili m'manja. "Manyazi chabe amenewo. Simunaleredwe kumudzi inu? Mlendo amakana koyamba, iwe umaonjezera. Akana kachiwiri, umaonjezeranso. Akakana kachitatu ndiye wakanadi."

"Ndiye uku n'kukana koyamba?"

"Koyamba."

"Kwatsala kuwiri."

"Mwayamba kumva tsopano."

"Koma a makina athanso."

"M'nyumba muno mulibe mafuta ena?"

"Muli Vaselini."

"Ameneyo mupake kunja, kasachite mbuu pagulu. Mphepo ya kuno imasuwitsa ngakhale chitsulo."

"Ndi ophikira."

"Amenewo ndiye m'kati. Achimanga aja? Aaa, abwino kwambiri. Kamva fungo la kwathu."

A Effie anapopa ophikira m'sirinji, anaigogoda ndi chala kuti mpweya utuluke monga amachitira kuchipatala, n'kubaya. Mafuta anayenderera patebulo, anatsika ndi mwendo wake, n'kuyamba ulendo wopita kufiriji.

"Kakana kachiwiri. Kakana mpaka pansi."

"Kwatsala kumodzi."

"Bambo a Sekani, kuwodi peshenti akabweza kawiri timaimika mankhwala n'kuitana sisitala."

"Pa chigayo chikabweza kawiri timati chayamba kuzolowera."

"Chigayocho chili kuti lero?"

"Zimenezo n'zina. Anachilodza."

"Nanga abale ake ali m'kabokosiwa?" A Effie analoza timakatiriji, tizipolopolo toliritsira kamfutiko. "Awanso ndi mapeshenti?"

"Funso lanji limenelo? Mlendo akabwera ndi ana, anawo mumawasiya panja akuyang'ana?"

"Koma iwowa alibe bowo."

"Aviikeni m'sosala. Asambe."

"Mwanena ndinu."

"Ndanena ndine."

Timakatiriji tinamira m'sosala ngati nyemba zodikira mawa. A Paterson anavala malaya awo oyera, anamanga tayi wa mitundu ya mbendera, n'kudziyang'ana pagalasi la uvuni.

"Tiyese kaye kamodzi," anatero a Effie. "Peshenti satuluka m'chipatala tisanaone kuti akutha kuyenda."

"Muno? Mu Edmonton muno? Mukufuna mayi wa pansiyu aimbire apolisi, helikopita itere padenga, mawa tidzuke tili pa TV? Ayi. Komanso chatsopano sichiyesedwa kukhitchini. A Bonface akamve koyamba pamodzi ndi aliyense, makutu awawawe bwino."

Anatambasula dzanja kuti akanyamule. Kamfuti kanapulumuka, kanatsetsereka patebulo ponse, n'kukaima pachitini cha shuga.

"Kakuthawani."

"Sikanathawe. Kachangamuka. Poyamba paja kanali ndi mphamvu zimenezi?"

"Kakuterera ngati mlamba."

"Ine ndimagwira nkhalamba zopakidwa sopo m'bafa tsiku ndi tsiku, mayi, zina zikumenya mateche. Sindinagwetsepo ndi imodzi yomwe."

"Nkhalamba zili ndi m'khwapa mogwira."

"Tiyeni, tachedwa."

Ku paki anapeza anthu atadzaza, nyama ikupsa, ana akuyankha Chingerezi makolo akuwakalipira m'Chichewa. Azibambo anali atandandalika kale pamzere, mimba zitadutsa mzerewo eni ake ali m'mbuyo. Pambali panaima a Rogers, tcheya wa komiti, ndipo pafupi nawo a Bonface, wezulo ali pakhosi, akumwetulira ngati munthu wobwera ku ukwati wa mkazi amene anamukana.

A Paterson anakwera pakireti ya zakumwa. A Effie anaima m'munsi mwawo.

"Pamzere!" Anakweza dzanja kumwamba. "Konzekani!"

Kete.

Azibambo anakhalabe chiweramire. Mafuta anatsika ndi dzanja la a Paterson, analowa m'mkono wa malaya, n'kukafika m'khwapa.

"Kakana kachitatu," anatero a Effie. "Tsopano ndiye kakanadi."

"Khalani chete inu. Kauma ndi mphepo ya m'njira. Mwabweretsa botolo la mafuta lija?"

"Simunanene."

"Zonse ndizinena?"

"Kuyambira m'mawa ndikuchita zimene mwanena."

"Konzekaninso!"

Kete.

"Ife misana yatha kuno!" anakuwa wina pamzere.

A Bonface ananyamula wezulo pang'onopang'ono, anamupukuta pamalaya, n'kumuyandikiza kumilomo. A Paterson ataona zimenezo anagwira ndi manja onse awiri, anatseka maso, n'kufinya ndi mphamvu zonse za pa chigayo. Kamfuti kanati pulu, kanauluka m'mwamba kakuzungulira, kakuwaza mafuta, kulunjika pamitu ya othamanga.

"Thawani!" anakuwa a Effie, ndi mawu amene amadzutsira wodi yonse.

Azibambo anathawa. Sanathamange, anathawa. Mimba zinatsogola, miyendo n'kumatsatira, ndipo onse anadutsa chingwe chomalizira osachiona n'komwe. A Edgar, amene amakwera basi ngakhale pokagula buledi, anakawagwira ku geti.

A Rogers anabwera akupukuta misozi.

"Mpikisano umenewu tiuwerenga, chifukwa sadzathamanganso chonchi mpaka kufa. Koma a Paterson, munalonjeza mfuti. Azimayi awo ali pamzere. Ikapanda kulira ulendo uno, kiretiyo mupereke kwa a Bonface."

"Ilira, a Tcheya."

"Sililira," anatero a Effie. "Ana ake anamira m'sosala."

"Mayi a Sekani, muli mbali ya ndani?"

"Ndikungopereka lipoti."

A Paterson anatola kamfuti paudzu ndi zala ziwiri. Anayang'ana a Bonface, amene anali ataika kale phazi limodzi pakireti. Anayang'ana azimayi ataweramira kutsogolo, zitenje atamanga m'chiuno. Kenaka anayang'ana akazi awo kwa kanthawi, ngati munthu amene wangoona chigayo chatsopano.

Anakweranso pakireti, n'kukankha phazi la a Bonface.

"Azimayi, pamzere!"

"Bambo a Sekani, musadzichititse manyazi kawiri."

"Taimani pomwepo, mayi, moyang'ana uko. Konzekani!"

Anapisa m'thumba la buluku, n'kusolola nsalu yonona mafuta, yachikasu pakati, yoyera m'mbali mokhamokha. Anaitambasula bwinobwino pamaso pa a Effie.

"Kansalu aka ndinakulungira mfuti pochoka kunyumba. Ndinakapeza pampando kuchipinda, kositasita kale. Kapena mukukadziwa mwini wake?"

A Effie anayang'ana. Mpweya unalowa wambiri.

"Duku langa la Mvano! Lovala mawa!"

Nkhunda zonse za mu paki zinauluka. Azimayi anachoka pamzere ngati aponyedwa ndi legeni, alamu ya galimoto ina inayamba kulira kumsewu, ndipo wezulo wa a Bonface anagwera pachifuwa pawo osalira.

A Paterson anakonza tayi, n'kutembenukira kwa a Rogers.

"Mwaimva, a Tcheya? Yanga yeniyeni ndi imeneyi. Chiitengereni kwa makolo ake sindinaithirepo mafuta, koma siinaphonyepo."