Kachiboliboli kosowa m'chipinda chachitatu cha phanga

Ine, Bualoi Kaewkham, wa zaka 52, wa m'mudzi wa Ban Pha Lom, woperekeza alendo ndi nyali m'phanga la kwathu, ndikunena izi:

Lachiwiri pa 14 Januwale ndinafika pakhomo la phanga 8 koloko m'mawa. Timalowa ndi alendo motsatira mayina pa bolodi. Tsikulo ndinali wachisanu ndi chimodzi. Nthawi ili 9:20 kunabwera bambo wa jekete lobiriwira, chikwama kumsana. Sawat, wosunga bolodi, anadumpha anzanga asanu n'kuitana ine. Anati, "Dzukani mayi, mawondo angachite dzimbiri."

Mlendoyo anati n'koyamba kubwera. Titayenda mamita 200, pomwe denga limatsika, anawerama ndisanamuchenjeze. Pa zaka zanga 19 m'phangamo, wachilendo aliyense ndimachita kumuuza.

M'chipinda chachitatu muli tiziboliboli ta Buddha tamkuwa pamwala. Polowa ndinawerenga monga ndimachitira, tinali tisanu ndi tiwiri. Timazimitsa nyali pang'ono kuti alendo aone mdima weniweni, koma timatero m'chipinda chachinayi. Iye anapempha kuti ndizimitse pomwepo. Ndinakana kawiri, kachitatu ndinazimitsa. Mumdimamo ndinamva zipi ikutseguka. Nditafuna kuyatsanso nyali, machesi awiri anakana kuyaka chifukwa cha chinyezi. Iye anati, "Musafulumire, Mayi Kamba." Dzina limeneli amanditchula anzanga a nyali okha, ndipo ine sindinamuuze.

Nyali itayaka anali ataima kutsogolo kwa mwala uja. Anati mutu ukumupweteka, tibwerere. Sindinawerengenso tiziboliboli. Tinatuluka 10:15. Anakwera njinga yamoto yofiira. Nambala yake inali yomatidwa matope, koma mvula sinagwe chiyambire Novembala.

Cha m'ma 11 koloko Kesorn, mnzanga wa nyali, anatuluka n'kunena kuti tiziboliboli tatsala tisanu ndi kamodzi. Pakati pa ine ndi iye sipanalowe wina. 2 koloko masana komiti ya phanga inandilanda nyali mpaka kachiboliboli katapezeka. Ntchito ina ndilibe.

Amene anafufuta dzina langa pa bolodi ndi Sawat. Ndinamufunsa kuti mlendo uja dzina loti Kamba analimva kuti. Anati, "Mwina anangoona mayendedwe anu." Poyankha ankayang'ana bolodi. Amene anandipatsa dzinali ndi Sawat yemweyo.

Zomwe ndikudziwa ndi zimenezi basi. Andiwerengera mawuwa kawiri ndipo ndi momwemo.

Wosayina: Bualoi Kaewkham