Misomali Iwiri Yokolana

Pa siteji ya basi, bambo wina wa imvi anaika pabenchi misomali iwiri yopinda, yokolana, kuti amange chingwe cha nsapato. Poweramuka anapeza mayi amene anakhala pambali pake atailekanitsa.

"Mayi, mwachita chiyani?"

"Ndakumasulirani, bambo. Ndimaona mukulimbana nayo mpaka thukuta kamukamu."

"Anakupemphani ndani? Kuvutikako ndiye kukoma kwake! Mwanditafunira chakudya ngati ndilibe mano!"

"Iii, m'malo moti muthokoze?"

"Ndithokoze chiyani? Anandipindira ndi mlamu wanga, amene amandiseka kuti mutu wanga unakalamba. Ndinalumbira pamaso pa mkazi wanga kuti ndimasula ndekha. Ndiye ndikawanamize?"

"Basi, musandikalipire pagulu. Yang'anani kumbali, ndiikolanitsenso."

Bamboyo anatembenuka, misomali ikungolira kumbuyo kwake.

"Mwatha?"

"Tadikirani. Ikukana."

"Ikukana bwanji? Si mwamasula ndinu?"

"Inangomasuka yokha, ine sindinaone m'mene inatulukira."

"Ndiye basi ikubwerayi simukwera, mayi!"

"Ndikwere? Ine ndigonjere misomali? Tasunthirani uko, bambo, mukunditchingira kuwala!"