Mbatata za Goloboyi

Mmawa wina wa mu Juni, mwera ukuwomba pa siteji ya Ngala, mnyamata wachilendo anatsika matola n'kukaima pa mbaula ya mtsikana wootcha mbatata.

"Achemwali, bwalo la mpira lili kuti?"

"Kuseri kwa sukulu uko! Mwabwerera fainolo ya chikho cha aphungu athu a matipate? Lero timu ya Kanyenda ilira!"

"Ndi mwera uwu? Goloboyi wanu avutika. Anzake amathamanga mpaka thukuta, iye amangoima, zala n'kuuma gwaa. Mpira ukafika umaluma m'manja n'kupulumuka."

"Osati Hamidu wanga! Wathu, ndimati wathu."

"Wanu ameneyo ali ndi magolovesi?"

"Angawapeze kuti? Senderani kuno, koma musauze munthu. Ndimamukulungira mbatata ziwiri zamoto m'kansalu, iye amazibisa m'udzu kuseri kwa golo. Mpira ukapita kutali amazifumbata, zala zimafewa. Popanda zimenezi sangagwire ngakhale dzungu!"

"Koma ndiye mumamukonda!"

"Musakweze mawu! Walonjeza kuti akatenga chikhochi akaonekera kwa amalume. Lero vuto ndi lakuti bambo ali kubwalo komweko, sindingamuyandikire. Poti mukupita konko, mukandipatsireko, chonde. Wavala juzi yobiriwira."

"Bweretsani. Eee, zikutenthadi! Kununkhira kwakenso!"

"Fulumirani zisanazizire! Iii, achimwene, mukuzisenderanji mbatatazo? Si zanu izo! Kodi inu ndinu ndani?"

"Nanenso zala zandiuma, achemwali. Ndine Yahaya Ikram, womwetsa zigoli wa Kanyenda."