Mfuti ya Abambo ndi Penti wa Njinga

Chaka chija mvula inagwetsa khola lathu kuno ku Nsaru, inu muli pamsana pa amayi anu, ine ndinachita zopusa zoti mpaka lero agogo anu aakazi akakumbukira amaseka.

Mfuti mukuiona pakhomayo inali ya malemu abambo anga, yoopsezera nguluwe kumunda. Iwo ankangoipukuta ndi kansanza ka mafuta a nsatsi, ndipo pamtengo pogwirira panali kadontho kakuda, kosalala, pamene chala chawo chinkakhala zaka zonsezo. Ndikawasowa ndinkaika chala changa pomwepo.

Koma ine, waulesi, ndinaisiya mpaka inagwira dzimbiri, ndipo nthawi yokaionetsa kupolisi kuti andipatse chiphaso chatsopano itakwana, ndinaopa kuti akaiona chonchi andilanda. Ndinapalasa njinga mpaka ku Namitete, kusitolo ya Che Amadu, kukagula penti.

"Watsala wasiliva yekha, wopopera njinga," anatero. "Kodi mukufuna kupaka chiyani, achimwene?"

"Njinga yomweyo," ndinanama.

Kale chinthu chinkawala chifukwa chochisamala, koma masiku ano mumangogwedeza chitini, fwiii, basi. Nditafika kunyumba ndinaipopera mfuti ija paliponse, chitsulo ndi mtengo womwe, ndipo ndinadziona wanzeru kuposa mudzi wonse. Agogo anu atatuluka m'nyumba anagwira m'chiuno.

"Abambo a Mphatso, mwagula liti pampu ya njinga yaitali chonchi?"

Ine ndinangoimangirira panjinga, ulendo. Kupolisi bwana anaitembenuza uku ndi uku, akudziluma milomo kuti asaseke.

"Madala, dzimbiri si mlandu. Koma nambala ya mfutiyi ili kuti? Popanda nambala palibe chiphaso, ndipo itsala konkuno."

Ndinali nditaikwirira ndi penti! Ndinapempha sandipepa, nkukhala pakhonde masana onse ndikupala, anthu odutsa akundiloza. Nambala inaoneka, chiphaso anandipatsa, ndipo mwachangu changacho ndinati nditsirize kupala ndi mtengo womwe kuti manyazi athe. Mtengo unayera mbee ngati mthiko watsopano. Ndikuika chala pamalo paja, kadontho ka abambo kanali katapita limodzi ndi penti.

Musaseke kwambiri, ana inu, pakuti tsiku limenelo ndinalira panjinga njira yonse. Mfuti ndinabwera nayo, koma abambo ndinawasiya m'fumbi la pakhonde paja. Tsono mukadzalandira chinthu cha makolo, yambani mwachiyang'anitsitsa musanachikongoletse. Ndipo mfutiyo mukadzaitenga, kadontho kayamba kuda pamenepo ndi kanga, mudzakasiye.