Mazira a Malemu Mkazi Wanga

Omvera anzanga, ine ndine mphunzitsi wa ku Chiputula kuno ku Mzuzu. Mkazi wanga anamwalira m'nyengo yozizira yapitayi.

Asanadwale anagula kabokosi kofungatira mazira, kotenthetsa ndi nyali ya parafini. Dzira lililonse analilemba kamtanda ndi pensulo kuti azidziwa mbali yotembenuza. Ali m'chipatala, ndikangolowa ankandifunsa monyodola kuti, "Aphunzitsi, mazira anga mwatembenuza?" Ndinkatembenuzadi. Ngakhale tsiku la maliro nyali ija sinazime.

Maliro atatha, abale ake anabwera kudzagawana katundu wake. Zovala, mapoto, makina osokera, sindinakanize chilichonse. Ndinangopempha kuti kabokosiko akasiye mpaka mazira ataswa, chifukwa anapiye anali atayamba kale kulira m'katimo.

Nditabwerako koperekeza alendo kubasi, ndinapeza mazira ali pakhonde, pasimenti, mvula yamawawa ikuwagwera. Kabokosi kanali katamangidwa kale panjinga ya mchimwene wa mkazi wanga.

"Alamu, mwachitiranji zimenezi?" ndinamufunsa.

"Bokosi ndi la mlongo wathu," anayankha. "Mazira takusiyirani, alamu, mukazinge. Yewo."

Ndinatola mazirawo n'kuwakulunga m'jekete langa pafupi ndi mbaula, koma anali atazizira kale. Kulira kuja sindinakumvenso.

Ndisaname, mlamu wanga uja sindinamukhululukire mpaka lero. Inu amene mumagawa katundu wa malemu, muziyamba mwaona ngati m'katimo mulibe chamoyo.

Mazirawo ndinawakwirira kuseri kwa nyumba, timitanda ta mkazi wanga tija tikuyang'ana kumwamba.