Mbuzi ya ku Krete Pamakala

Kwathu kumapiri a Sfakia, Vardis atangolembedwa ntchito yolondera nyama zakutchire, anapeza mlamu wake Sifis akuwotcha nyama kuseri kwa munda wa mpesa. Chikopa chofiirira chinali chitayanikidwa pamtengo wa azitona.

"Alamu!" Vardis anagwira kumutu. "Mwapha mbuzi ya ku Krete?"

"Eya," anatero Sifis, akutembenuza mwendo pamakala. "Mumafuna ndiphe ya ku Italiya? Ndikaitenge pa chiyani?"

"Ayi! Ndikunena ija yam'mabuku, imene akatswiri anaitcha dzina la chilumba chathu chino. Boma limaiteteza!"

"Yam'mabuku sindinaione. Iyi inali m'munda mwangamu, ikudya mpesa."

"Koma ndi ya ku Krete kapena ayi?"

"Inabadwira konkuno. Make konkuno. Sitima sinakwerepo."

"Ndiye mwavomera nokha! Tiyeni kupolisi."

"Iii! Inenso ndine wa ku Krete, alamu. Boma lanulo linanditeteza liti? Bondo langali latupa chaka chonse, palibe katswiri wabwera kudzalijambula."

"Inu simukutha! Mbuzizo zikutha!"

Sifis anasuzumira pamoto. "Zoonadi. Mwendo umodzi watha kale. Fulumirani."

"Musandiseke ine, ndili pantchito!" Vardis anaponda pansi mwamphamvu. "Yakutchire imakhala ndi nyanga zazitali zopindikira kumbuyo. Nyanga mwabisa kuti?"

"Sindinabise. Ntchentche zimavuta."

Sifis anavundukula thumba ndi phazi. Munali mutu wa tinyanga ngati zala za mwana, pambali pake kabelu ka chingwe chofiira.

"Kutchireko amagawa mabelu masiku ano?" anafunsa.

Vardis anayang'anitsitsa, nausa moyo. Anavula chipewa n'kukhala pamwala. "Ndiye bwanji osangonena kuti ndi yoweta?"

"Munafunsa kwawo. Za ntchito yake simunafunse."

"Mutu wanuwo ndi thanthwe, alamu. Tandipatsani nthitiyo, mwanditopetsa."

Vardis anadya nthiti, namwera kachasu wa raki, natenganso nthiti ina. Mafuta anatsikira mpaka m'ndevu.

"Ha! Kunona kwake! Mwini wake ankaikonda mbuziyi, osati masewera. Alira ameneyo, koma ndi zake, akanaimangirira. Kodi ndi ya ndani?"

Sifis analoza kunjira ndi mpeni.

"Ya achemwali anga, akazi anu. Akubwera apowo ndi ndodo. Ine ndi mchimwene wawo, andikhululukira. Inu pukutani ndevu."